Mafunso a Mphunzitsi Mhango

Tayikani mafoniwo pansi kaye, inu ana. Wongani, ndikunena iwe. Chiyambire m'mawa mwakhala mukukangana za mafilimu anu a zinjoka zouluka, wina akuti mfumu yakuti inabadwa nkhondo isanayambe, wina akuti ayi inabadwa itatha, mpaka Tamara wakwiya, wasiya chinangwa chake pambale. Tsopano mwapisa m'sutikesi yanga yachitsulo osapempha, mwatulutsa timabuku tanga tachikasu, mafunso mwatembenuzira kwa ine. Anamanga mzinda wa Lumbwezi ndani? Nkhondo ya osula zitsulo ndi anthu a mchere inatha bwanji? Bwanji nkhaniyi inathera pa gawo la khumi ndi chimodzi? Funso lomalizalo ndiyankha. Enawo ayi.

Timabukuto ndinalemba ndine. Usaseke, Lusungu, agogo ako sanabadwe ndi ndodo. Pachikutopo palembedwa kuti "Mlendo" chifukwa masiku amenewo mzimayi wapabanja, wa m'kwaya ya mpingo, sakanaika dzina lake pa nkhani za mbalame zachitsulo ndi mitsinje yoyenda chokwera phiri.

Ndinabwera ku Mzuzu kuno ndili mtsikana, kuchokera kwathu ku Nkhata Bay. Inu lero mumapita kunyanja m'mawa, masana mwabwerako. Ife basi yathu inkawira pa zitunda, kondakitala n'kutitsitsa tonse kuti tikwere pansi, iyo n'kumatitsatira ikutsokomola. Ndinafika ndi kathumba ka ufa wa kondowole, usipa wouma wokulunga m'nyuzipepala, ndi diresi lopyapyala la kunyanja. Palibe anandiuza za kuzizira kwa kuno. M'mawa woyamba nditatsegula chitseko sindinaone nyumba ya aneba, sindinaone ngakhale chingwe choyanikapo zovala. Kunali mbuu. Ndinathamangira kwa azakhali anga kukawauza kuti kunja kukupsa. Anaseka mpaka misozi. Anati, "Ni nyakhuwinda iyo, mwana wane, ndi nkhungu." Kuyambira tsiku limenelo ndinkangoganiza kuti kuseri kwa nkhunguyo kuli anthu ena amene ife sitiwaona.

Ntchito yanga inali yotaipa makalata mu ofesi ina. Taipilaita si zala zanu zotsetsereka pagalasizi, ayi. Unkamenya ndi mphamvu, madzulo mapewa akuwawa. Pofuna mapepala ambiri tinkachotsa riboni n'kutaipa pa sitensulo, pepala la phula lija, zilembo n'kumaboola. Ukalakwitsa unkapakapo mankhwala ofiirira onunkha ngati opaka m'zikhadabo, n'kumauzira kuti aume. Kenako sitensulo ija unkaikulunga pa makina opukusa ndi dzanja, inki n'kukudetsa mpaka m'zigongono. Loweruka masana abusa ankandilola kugwiritsa ntchito makina a kumpingo, poganiza kuti ndikupukusa nyimbo. Nyimbo ndinkapukusadi, koma pambuyo pake pankabwera Lumbwezi.

Agogo anu aamuna, a Kamanga, Mulungu awasunge, ndiwo ankanyamula timabukuto popita ku galaja kwawo n'kukasiya kwa mnzawo wogulitsa mabuku pafupi ndi depoti. Madalaivala ankatenga n'kupita nato ku Karonga, ku Kasungu, mpaka ku Lilongwe. Pa tsamba lomaliza ndinkalemba kuti amene ali ndi funso alembere Mlendo, n'kuika nambala ya bokosi la ku positi.

Mwe, makalata ake! Inu mukuyesa kukangana za mayiko opeka kwayamba ndi inu? Msilikali wina analemba masamba anayi kutsutsa kuti osula zitsulo sakanawoloka mtsinje ndi katundu wolemera chotero. Namwino wina ankafuna kudziwa kuti Mfumukazi Nyaluwe, amene ankaluka nkhungu ndi manja ake, anali mkazi wa ndani. Ndinagula kope lalikulu lolembamo mayina a mafumu asanu ndi awiri a Lumbwezi, ana awo ndi nkhondo zawo, kuti ndisadzitsutse. Ndipo ndinayamba kunyada, ndisakubisireni. Mu ofesi ndinali "iwe mtsikana, taipanso ichi." M'makalata ndinali mwini dziko.

Mwa onse ondilembera panali mmodzi wosaphonya mwezi, a Mhango, mphunzitsi wa pulayimale ku Chibavi. Zilembo zawo zinali zoongoka ngati zosindikiza, inki ya buluu, mafunso oikidwa manambala. Ankandigwira zolakwa. "Funso lachiwiri: m'gawo lachitatu munati mfumu yachinayi inalibe dzanja lamanzere, nanga m'gawo lachisanu ikukoka uta bwanji?" Ndinkaseka, n'kupeka yankho, n'kutumiza. Sitinaonanepo, chonsecho Chibavi ndi kwathu kuno ku Chibanja ndi mtunda woti ukaponda njinga thukuta silituluka.

Tsono potaipa gawo lachisanu ndi chinayi, nkhani inatha theka la sitensulo lidakali loyera. Ine sindinkafuna kutaya malo. Ndinangoti ndidzaze. Ndinalemba kuti ana onse amene amachoka m'dziko lathu lino asanaguluke mano a mkaka amapita ku Lumbwezi, Mfumukazi Nyaluwe n'kumawalera m'bwalo lake. Ndinawonjezera kuti chipata cha kumeneko ndi miyala iwiri yaikulu yotsamirana m'mbali mwa kamtsinje, pomwe panagwa mtengo wa mkuyu, ndipo chimatseguka m'mwezi wozizira, nkhungu ikakhuthala mpaka munthu osaona dzanja lake. Miyalayo sindinaipeke. Ili m'nkhalango ya Kaning'ina, kum'mawa kwa Mzuzu. Nthawi ya mvula tinkapita kumeneko ndi amayi anzanga kukazula bowa, ndipo pamiyalapo m'pamene tinkapumira n'kumadya nthochi zophika. Ndinalemba mizere imeneyo tiyi wanga asanazizire, ndipo ndinaiiwala.

Kalata yotsatira ya a Mhango inalibe za mauta. Funso loyamba: kodi anawo amakula, kapena amakhala momwe anapitira? Lachiwiri: amakumbukira makolo awo? Lachitatu: samva kuzizira? Ndinayankha mosangalala. Sakula, amakumbukira, kuzizira kulibe. Mwezi wotsatira: kodi munthu wamkulu angalowe pachipatapo? Ndinayankha kuti angalowe, malinga akadikire yekha, osanyamula moto. Onani, ana inu, ndinkangofuna kuti lamulo limveke lakalekale. Kenako inafika kalata yaifupi, funso limodzi lopanda nambala: "Chipatacho chili kuti?" Ine ndi nthabwala zanga ndinalemba kuti, "Anthu a ku Mzuzu muli ndi mwayi, dzuwa limakutulukirani kuchokera komweko."

Munthu wanzeru akanaona. Zilembo zoongoka zija zinali zitayamba kupendama. Ine sindinaone kanthu.

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, m'mawa, nkhungu ili mbuu, ndikukoleza mbaula pakhonde pomwe wakhala Tamarapo. Ndinamva "Odi" wapansipansi. Anali mayi wamng'ono thupi, wofunda chitenje kumutu, milomo yosweka ndi mphepo, m'manja muli mtolo wa maenivulopu womanga ndi ulusi. Ndinazindikira zilembo za taipilaita yanga ndisanamuyang'ane kumaso.

"Monire, mama. Wogulitsa mabuku ku depoti wandilozera kuno. Ndikufuna bambo wolemba, a Mlendo."

"Mlendo ndine," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ndinu mzimayi? Muli ndi ana?"

"Atatu."

"Ine ndine Nyachirwa, mkazi wa a Mhango. Tinali naye mmodzi. Anatisiya ndi malungo chaka chatha, ali ndi zaka zisanu." Anayang'ana mtolo uja. "Dzulo m'mawa bambo anati akupita kusukulu. Kusukulu sanafike. Kwa abale awo kulibe, kuchipatala kulibe, kupolisi kulibe. Lero ndatsegula sutikesi ya mwana, juzi yake yofiira mulibe, m'malo mwake ndapeza makalata awa. Ndawerenga onse. Mama, mwawatuma kuti amuna anga?"

Ana inu, ndinachitapo mantha m'moyo wanga. Ndinakwerapo bwato mwera utadzuka pakati pa nyanja. Koma mantha a tsiku limenelo anali ena. Ndinakhala pansi pa simenti yozizira osadziwa kuti ndakhala. Usiku wapitawo kunazizira moti madzi a mumtsuko ankaluma mano, ndipo ine ndinali nditauza munthu kuti akadikire yekha m'nkhalango, osanyamula moto.

A Kamanga anatuluka m'nyumba akumanga lamba. Anamva mawu awiri atatu, osafunsa zambiri. Anatenga mabulangete awiri pabedi, anathira tiyi wa shuga wambiri m'fulasiki, nathamangira ku galaja kukatenga galimoto ya bwana wawo. M'njira nyali zinali zoyaka ngakhale kunali kutacha, koma tinkangoona msewu wa mapazi ochepa kutsogolo. Nyachirwa anakhala pakati pathu, mtolo wa makalata uli pamiyendo, akuufinya.

Polowera m'nkhalango tinapeza mlonda wake, a Msiska, bambo wachikulire wovala chijasi chachitali. Titafotokoza, anapukusa mutu.

"Dzulo m'mawa wadutsa munthu wovala jekete ndi tayi, ndimayesa ndi wa ku ofesi. Ndinamupatsa moni, anayankha bwino chomene. Kutuluka yayi, sindinamuone." Anayang'ana Nyachirwa, natsitsa mawu kuti asamve, koma anamva. "Kumtsinjeko kuli maphompho. Ndiponso sabata ino amayi a nkhuni aona mapazi a nyalugwe."

"Miyala iwiri yotsamirana, pomwe panagwa mkuyu," ndinatero. "Mukupadziwa?"

"Miyala ndi yambiri muno, mama. Mukupadziwa ndinu, tsogolani."

Ine njirayo ndinkaidziwa nthawi ya mvula, dzuwa likuwala, tikuseka ndi anzanga. M'nkhungu mitengo yonse inali yofanana. Inkatulukira mwadzidzidzi patsogolo pako, yakuda, ikudontha madzi, ndele zikulendewera m'nthambi ngati ndevu. Udzu unatinyowetsa mpaka m'chiuno. Mbalame zinali zii. Nyachirwa ankaitana, "Adada! Adada a mwana!" koma mawu ankathera pomwepo ngati waitanira m'bulangete. Kawiri konse ndinasochera, tinabwerera pamtengo womwewo wopsa mbali imodzi. Kachiwiriko a Msiska anandiyang'ana, ndipo ndinayamba kulira mwakachetechete ndikuyenda. Chitsa chilichonse ndinkachiona ngati munthu wogona. Mumtima ndinkati, Ambuye, ndikamupeza wafa ndidzayang'ana bwanji mayi uyu? Ndidzatenga bwanji mgonero? Ndapha munthu ndi theka la sitensulo.

Kenako tinamva madzi. Ndinatsetsereka pamatope, ndinagwira muzu, nditadzuka miyala ija inali patsogolo panga, yaikulu kuposa momwe ndinkaikumbukira. Pakati pake, pampata wamdima, panali nsapato ziwiri zakuda zachikopa, zoloza kumwamba.

Sizinkasuntha. Ndinalephera kupita patsogolo. Anandidutsa ndi Nyachirwa, akukwawa ndi maondo.

A Mhango anali atakhala chotsamira mwala, ali ndi shati yokha ndi tayi. Jekete anali atavula n'kukulungamo juzi ya mwana, n'kuifungatira pachifuwa. Milomo inali yotuwa ngati phulusa, maso otseka. Nyachirwa anawagwira kumaso, anawagwedeza, anawaomba mbama. Ndipo maso aja anatseguka pang'onopang'ono.

"Ali moyo!" anafuula a Kamanga. Tinawakokera panja, tinawakulunga m'mabulangete, a Msiska n'kumawatikita mapazi ndi manja awo okhakhala. Tiyi woyamba anangotayikira pachibwano. Wachiwiri anameza. Thupi lonse linayamba kunjenjemera, mano kugundana, ndipo a Msiska anati chimenecho ndiye chabwino, wosanjenjemera ndiye wapita.

Atayamba kuzindikira anthu, anandiyang'ana. "Awa ndi ndani?"

Ndinagwada pamatope. "Bambo Mhango, ine ndine Mlendo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinkayesa ndinu mdala wandevu."

"Bambo, ndikhululukireni. Lumbwezi kulibe. Mfumukazi kulibe, chipata kulibe. Zonse ndinapeka ndine, pa taipilaita ya ku ofesi. Miyala iyi tinkangopumirapo pozula bowa. Za ana zija ndinalemba kuti ndidzaze pepala."

Ndinkayembekezera kuti andilavulira, kapena akana, anene kuti ndikunama. Koma anangoti, mawu akutuluka movutika, "Nkhumanya, mama. Ndikudziwa. Ine ndine mphunzitsi. Ndimaphunzitsa ana mapu."

"Nanga munadzatani kuno?" anafunsa Nyachirwa, akulira mokwiya. "Munadzatani, adada?"

"Kumanda ndikapita ndimapeza dothi," anatero. "Kutchalitchi amandiuza kuti ndidikire tsiku lomaliza. Ndi awa okha amene ndikafunsa ankandiyankha." Anatseka maso. "Ndinati ndingokhalapo pang'ono. Kenako ndinaona kuti kudzuka kulibe ntchito."

A Kamanga anawabereka kumsana ngati mwana. Potuluka a Msiska ndiwo anatsogola, ndipo njira yomwe ine ndinazungulira nayo maola awiri iwo anaidula mosavuta.

Musaganize kuti mantha anathera pamenepo. Kuchipatala anati ndi chibayo, mapapo onse awiri. Masabata atatu anali pakati pa moyo ndi imfa. Ine m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkaima panja pa wodi ndi kabasiketi ka phala, osalimba mtima kulowa, n'kumayang'ana nkhope za anamwino kuti ndione ngati kwagwa zovuta. Ndipo nkhani inali itawanda. Ku Chibavi ankati ku Chibanja kuli mayi wina amakoka amuna a eni ake ndi makalata, n'kukawapereka kwa mizimu ya m'nkhalango. Pamsika amayi omwe ndinkagula nawo tomato zaka zonse anayamba kuika chenji patebulo m'malo mondipatsa m'manja. Tsiku lina tinapeza miyala itaponyedwa padenga. Amayi ako iwe Wongani anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzawo akuwatcha mwana wa mfiti. A Kamanga anandiuza mosabisa kuti a Mhango akamwalira tidzasamuka tsiku lomwelo, chifukwa nyumba ino adzaiotcha. Katundu wina tinamangiratu.

Sanamwalire. Anatuluka ataonda ngati bango, ndipo anaphunzitsanso zaka zambiri. Anthu anaiwala pang'onopang'ono, monga amachitira. Koma ine sitensulo za gawo la khumi ndi chiwiri, zomwe zinali zotaipa kale, ndinaziika pambaula. Phula lija linayaka msanga. Makalata anapitiriza kufika pafupifupi chaka chonse, anthu akufunsa kuti Mlendo wafa kodi. Sindinatsegule ngakhale imodzi. Ndikaona enivulopu m'bokosi, ndinkaopa kuigwira, poganiza kuti mwina muli Mhango wina amene ndamutuma kwinakwake osadziwa.

Patapita miyezi iwiri chitulukire a Mhango m'chipatala, dzuwa litayamba kutentha, ndinamvanso "Odi" uja. Nyachirwa. Ndinkayesa wabwera kudzandizenga mlandu, ndipo ndinali wokonzeka kuuvomera. Ndinamuyalira mkeka, ndinaphika tiyi. Anamwa theka la kapu.

"Bambo ali bwino," anatero. "Akudya. Dzulo anandithandiza kukonza mpanda." Anazunguza kapu m'manja. "Mama, ndabwera ndi funso."

"Nyachirwa, chonde. Ndinalumbira kuti sindidzayankhanso."

"Ndi limodzi lokha. Bambo anafunsa zambiri, koma ichi anaiwala. Amuna saganiza zimenezi." Anandiyang'ana m'maso. "Kumeneko anawo amadya chiyani?"

Ndinayang'ana manja ake, ndinayang'ana nkhope yake, kufuna kuona ngati nayenso wayamba ulendo wa kunkhalango. Yankho linali kale pakamwa panga, lokoma, la uchi ndi zipatso zosadziwika, chifukwa kupeka kunali kosavuta kwa ine ngati kupuma. Ndinalimeza.

"Sindikudziwa, mama," ndinatero. "Za kumeneko sindidziwa chilichonse. Ngakhale dzina la mwana wanu sindilidziwa. M'makalata onse aja bambo sanalitchule."

Anati, "Towera."

"Towera ankakonda kudya chiyani?"

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Mbatata yootcha. Koma yopserera. Ukamusendera bwinobwino ankakana, ankafuna makoko akudawo, pakamwa ponse bii ngati wogulitsa makala."

Anayamba pamenepo. Anandiuza momwe Towera ankavalira nsapato za bambo ake n'kumaphunzitsa nkhuku kuwerenga, momwe ankaopera lumo, nyimbo yomwe ankaimba molakwitsa mawu. Anati chiyambire maliro palibe anamulola kutchula zimenezi, aliyense ankangoti limbani mtima, mudzabereka wina. Analankhula mpaka mthunzi unachoka pakhonde. Ine sindinawonjezerepo liwu ngakhale limodzi. Ndinangodzuka kamodzi, kukaika mbatata ziwiri pamakala, ndipo tinazisiya mpaka zinapserera.